Mabowo Awiri Pabalaza la a Tolegen

Meruyert atakwatiwa kubanja la a Tolegen ku Almaty, anabwera ndi masutikesi awiri ndi thanki yagalasi ya nsomba za m'madzi amchere. Apongozi ake aakazi, mayi Raushan, anasuzumiramo n'kufunsa kuti tinsomba timeneti tidzakula liti kuti tidyedwe. Apongozi aamuna ndiwo anali a Tolegen. Anali munthu wa mawu ochepa, amene anagwira ntchito ya mapaipi a madzi otentha mumzindamo zaka makumi atatu, ndipo Meruyert ankawaopa.

Patatha zaka ziwiri mavuto anaoneka. M'kabati ya pansi pa thankiyo munali kathanki kena kosefera madzi, ndipo pampu yake inkalira ngati chigayo. Mchere unadya kabatiyo, kenako unayamba kumbuwitsa matabwa apansi pabalaza. Mwamuna wake, Kuanysh, anali kuntchito kuzitsime za mafuta kwa mwezi wathunthu. Loweruka lina m'mawa Meruyert anapeza a Tolegen atagwada pamenepo, akukanda thabwa ndi chikhadabo. Meruyert anayamba kuganizira amene angamupatse nsomba zake.

“Mwana wanga, kathanki aka kamakhaliranji muno?” inafunsa nkhalambayo.

Iye anafotokoza kuti anthu ena amakaika m'chipinda cha pansi pa nyumba, madzi n'kumatsika pa paipi imodzi, kusefedwa, pampu n'kuwakwezanso pa ina. Koma zimenezo zimafuna kuboola pansi, ndipo iye sakanayerekeza kupempha zotere m'nyumba ya eni.

“Eni akewo ndi ati? Takatenge tepi yoyezera.”

Chipinda chapansicho chinali ufumu wa mayi Raushan, chodzaza ndi mabotolo a nkhaka, tomato ndi jamu wa maapozi. Anakana masiku atatu. Tsiku lachinayi anasuntha okha mashelefu awiri, akung'ung'udza kuti akadzamva mchere mu jamu wawo adzakazinga kansomba kachikasu kaja.

Nsomba anayamba azisamutsira mumgolo wapulasitiki. A Tolegen anabwereka makina obowolera simenti ya pansi pa matabwawo kwa mnzawo wakale, koma dzanja lawo lamanja linkanjenjemera chidwalireni chaka chatha, choncho wogwira makinawo anali Meruyert. Iwo anakhala pa kampando, akumuuza pokankha ndi popuma. Mabowo awiri anamutengera tsiku lonse, mapewa akuwawa, tsitsi lili mbuu ndi fumbi. Mawa lake anatsitsira kathanki kosefera kaja m'chipinda chapansi, nadula mapaipi ndi kuwamata. Pomwe iye anamata mothamanga anamudulitsa n'kumuyambitsanso, osakalipa.

Guluu atauma anadzaza mathanki onse awiri ndi madzi apampopi. Pampu itayaka, madzi anakwera, ena akutsika bwinobwino, ndipo Meruyert anathamangira thumba la mchere.

“Usiye kaye mcherewo. Sitinaone zimene madziwa amachita magetsi akathima.”

Anazula pulagi. Pampu inakhala chete, koma madzi sanaleke kutsika. Anakwera m'thanki yapansiyo mpaka pakamwa, n'kusefukira pa masilipasi a Meruyert, kulowera kumashelefu. Iye anangoima ngati chitsa. A Tolegen anatambasula dzanja lamanzere n'kutseka mpopi wa pa paipi yokwezera madzi.

Anamufotokozera kuti mlomo wa paipi imeneyo unamira kwambiri m'thanki yam'mwamba, ndiye pampu ikaima paipiyo imayamwa madzi n'kuwabwezera pansi. Zikanachitika onse atachoka, theka la madzi a nsombazo likanathera m'mabotolo a nkhaka. Meruyert ankakolopa akuganiza za nsomba zake zikuphiriphitha pa mchenga wouma. Atatha, apongoziwo anamutuma kukaboola kabowo kakang'ono ngati njere ya mpunga pa paipiyo, pansi pang'ono pa pomwe madzi amalekeza, kuti mpweya uzilowa n'kudula kuyamwako. Anazulanso pulagi katatu, ndipo katatu konse madzi anaima patali ndi pakamwa. Kenako anajambula mzere pathanki yapansiyo ndi penti yofiira, kuti asamadzaze kupitirira pamenepo.

Nsomba zinabwerera kwawo patatha sabata. Pabalaza panali zii, moti wotchi yapakhoma inkamveka. Meruyert anathira tiyi wamkaka, nawapatsa apongozi ake aamuna ndi manja awiri. Mawu othokoza anali atawakonza kuyambira m'mawa, koma atangoti “Bambo,” apongoziwo anamudula mawu.

“Imwa tiyi wako,” anatero a Tolegen. “Chipumireni pa ntchito, palibe anandifunsapo za paipi. Mwamuna wakoyo mpopi ukadontha amaitana amisiri pafoni, ine ndili pompano.”

Meruyert anaseka, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Nkhalambayo inakokera mpando pafupi ndi galasi, n'kumufunsa kuti kansomba kamizeremizere kobisala m'miyalako kamadya chiyani.