Mangal Alibe Mano

Kuyambira tsiku lomwe tinatentha mtembo wa mwamuna wanga Alok m'mphepete mwa mtsinje wa Ganga, mwana wanga Ishita sanandilolenso kumupesa tsitsi. Ndikangotenga chipeso ankathawira kwa agogo ake. Apongozi angawo ndi amene anamudzaza m'mutu kuti ine ndinabadwa Mangal, nyenyezi yofiira ija, atakhala poipa, ndipo mkazi wobadwa chotero amadya mwamuna wake. Zoti Alok ankadwala mtima, akusutanso fodya ngati uvuni wa njerwa, sankazitchula n'komwe.

Zinandikwana. Lamlungu lina ndinaganiza zopita ndi ana ku nyumba yoonetsera nyenyezi kuno ku Patna, kuti Ishita akamuone yekha Mangal wakeyo. Apongozi sindinawaitane, koma ndinangowapeza atakhala kale mu rikisho, njinga yonyamula anthu ija, maluwa ofiira ali pamiyendo.

"Ukawaonetse ana bwana wako Mangal amene amakutuma uja ine kulibe?" anandifunsa. "Palasani bambo, tizipita."

Titafika pakhomo anavula nsapato ngati akulowa m'kachisi. Mlonda anati, "Mayi, valani nsapatozo, muno si mopemphereramo." Iwo anamuyang'ana moti mlondayo anayamba kuyang'ana kumbali.

Tinakhala pa mipando yogoneka chagada. Magetsi atazima denga lonse linadzaza nyenyezi, ndipo Dhruv, mwana wanga womaliza, anakuwa kuti wina waboola denga. Anthu anaseka. Ishita anakhala pakati pa ine ndi agogo ake, koma chigongono anachichotsa mbali yanga kuti tisakhudzane.

Mangal atatulukira, wamkulu ngati nyumba, apongozi anadzambatuka n'kuyamba kuponya maluwa m'mwamba. Onse anakagwera pa dazi la bambo wina kutsogolo.

"Khalani pansi gogo inu, mukutitchinga!" anakalipa bamboyo.

"Tseka pakamwa, dazi iwe! Ndikupepesa kuti asatiphere wina kwathu."

Ndinawakokera pansi ndi nsonga ya nsalu yawo ya sari. Manyazi anandigwira, koma mkwiyo unaposa. Kenako chithunzi chinatitsitsira pa Mangal penipeni. Kunali fumbi lokhalokha ndi miyala, ndi kagalimoto kopanda munthu kakukwawa pang'onopang'ono.

Ndinaweramira kwa Ishita. "Waona? Ndi miyala basi. Mano ali pati? Ameneyu angadye munthu?"

Anangoyang'anitsitsa mpaka magetsi anayaka.

Panja dzuwa linali likuswa mtengo. Apongozi akufunafuna nsapato zawo pakhomo paja, ine ndinagulira ana ayisikilimu wotchedwa kulfi. Pamenepo Ishita anandiyang'ana m'maso, koyamba chimwalirire bambo ake. Chipeso ndinali nditachitenga dala, ndipo ndinapisa dzanja m'chikwama n'kuchigwira.

"Amayi, ndiye kuti Mangal sangaphe munthu?"

"Sangaphe, mwanawe. Ngakhale nyerere."

"Agogo ankati si inuyo kwenikweni. Ankati Mangal ndi amene amakutumani, inu simudziwa." Kulfi inkasungunukira m'zala zake, iye osanyambita. "Nanga ngati ndi miyala chabe, ndiye kuti ababa munawapha nokha?"

Ndinatsegula pakamwa. Za mtima, za fodya, za madokotala, zonse zinali palilime. Apongozi anali atafika kale kumbuyo kwanga, nsapato zili m'manja, ndipo anamva zonse. Ndinadikira kuti amudzudzule mwanayo, popeza iwo ankadziwa bwino zimene dokotala ananena. Sanatero. Anavala nsapato zawo mosapupuluma.

"Tabwera kuno, mwana wa mwana wanga," anatero. "Taona tsitsi lamasukali, ngati ulibe mwini."

Ishita anapita. Agogo akewo anamuluka pomwepo m'mbali mwa msewu, akumupesa ndi zala, ine chipeso chili m'manja.