Galu Wosauwa wa a Fintan Cullen

Inu a m'chigwa cha Imaal, sendezani mipando kuno, mumve za a Fintan Cullen amene tawaika m'manda sabata yathayi.

A Fintan ankaweta nkhosa, koma mtima wawo unali pa tiagalu takwathu kuno, tatifupi, tamatewe kutsogoloku, tamutu waukulu. Ubweya wa agaluwo sankameta ndi sizasi ayi, ankazula ndi zala wakufa wokhawo. Kamwana ka galu sankakalola kudumpha mpanda mafupa asanakhwime. Galu wouwa ali kudzenje posaka nyama ankam'pereka kwa ena, poti makolo athu ankafuna wogwira ntchito mwakachetechete. Anthu atayamba kukonda agalu ena, m'chigwa monse munangotsala wamkazi mmodzi wamtunduwu, Nell wa a Fintan, nayenso anali ndi bere.

Tsiku lina m'mawa Nell anaona nkhandwe ikuzembera ana a nkhosa. Anaipirikitsa mpaka kuuna, n'kulowa. Nkhandwe inatulukira kwina, koma dothi, poti linali litakhuta mvula, linagumuka n'kutseka pakhomo. Unawo unali ndi njira zambirimbiri. Akumbe pati?

A Fintan anaitana, anaimba mluzu. Kuli zii.

Akazi awo, a Dympna, anafika ndi mafosholo awiri.

"Mwaziona nzeru zanuzo, bambo? Akanakhala galu wina bwenzi akulira, tikanam'peza kalekale. Inu kusankha osayankhula okhaokha!"

"Wolongolola ndinasankha mmodzi, ndipo anandikwana," anatero a Fintan.

"Iii, takumbani apo, nkhalamba inu."

"Ndikakumba polakwika ndim'kwirira. Takhalani chete kaye, mayi, ngati n'zotheka."

Anavula jekete, n'kugona chafufumimba m'matope, khutu pansi. Ankakwawa pang'ono, n'kumvetseranso, mvula ikuwamenya pamsana. A Dympna anawafunditsa jekete ija, iwo n'kuikankha, ati ikusokosa. Dzuwa litapendeka, pafupi ndi chitsamba chaminga, anamva kukanda pansi, kwe, kwe, kwe.

Anakumba awiriwo, pomaliza ndi manja. Nell anatuluka chambuyo, nkhope yonse matope, n'kudzikutumula ngati palibe chachitika.

Galuyo anaswa bwinobwino, ana anayi. Koma chifuwa chimene a Fintan anatola m'matope muja sichinachoke, chinasanduka chibayo. Ali chigonere, ankangofunsa ngati tianato tikuyamwa. Anatchula makomo oti tianato tidzapite tikasiya kuyamwa, makomo a anthu amene angatisamale mpaka tidzaswane.

"Koma kwa mchimwene wanu ayi," a Fintan anawauza a Dympna. "Amene uja galu amam'dyetsa makoko a mbatata okhaokha."

"Ndamva, bambo. Imwani tiyi wanuyo asanazizire."

Sanamalize n'komwe tiyiyo.

Tsono inu amene mudzalandire tiana ta Nell, tikadzaswana muzidzagawirako anzanu. Ndipo pogawapo muzitchula dzina la a Fintan Cullen, ana anu alidziwe. Chonde, musawaiwale.