Njuchi ya M'balani mwa a Jeremiya

Ku Simlemba ena amaweta nkhunda, ena nkhumba, koma a Jeremiya Mwale ankaweta mafilimu. Osati mafilimu wamba ayi, koma akalekale aja otuluka pakhoma, oti ukavala timagalasi ta katoni, diso lina lofiira lina la buluu, mkondo umachoka pachithunzi n'kudzakuloza pamphuno penipeni. Anali nawo oposa makumi anayi. Ena anawatola pa kaunjika ku Kasungu boma, ena ankawatumizira ndi mwana wawo Chance kuchokera ku Joni. Onsewo ankagona m'sutikesi, pomwe suti ya mwiniwake inkalendewera pamsomali n'kumamwa fumbi.

Chisiyireni kulima fodya wa fuluu, balani yawo ya njerwa inalibe ntchito. Iwo anapaka khoma limodzi laimu, kutseka timabowo ndi ziguduli, n'kulowetsamo mabenchi atatu. M'balani ya fuluu, ngakhale dzuwa likhale paliwombo, mumakhala mdima bii. Loweruka lililonse masana pulojekita inkakwera pa diramu, batire la sola pansi pake, anthu n'kudzaza mpaka pakhomo. Ndiye kuzinda kwake a Jeremiya! Mwala ukaponyedwa m'kanema, iwo ndiwo ankayamba kudzigwetsa, chipewa uko, kukuwa ngati awapondadi.

Akazi awo, mayi Consolata, zonsezi analibe nazo mlandu. Mwamuna wozinda miyala yabodza kuseri kwa nyumba ndi wabwino kusiyana ndi wokazinda mabotolo enieni ku bala. Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali diso lamanzere la amuna awo. Chiyambire dzinja, a Jeremiya ankathira tiyi pambali pa kapu. Posoka fodya pachigafa, singano inkadutsa m'mphepete mwa tsamba. Tsiku lina popereka moni kwa abusa anagwira mphepo, abusawo n'kuchita kulisaka okha dzanjalo. Ukawayang'ana bwino pa dzuwa, pakati pa disolo panali mbuu, ngati madzi otsukira mpunga.

Kutchalitchi analengeza kuti Lachinayi lomaliza la mweziwo kubwera madokotala a maso ku chipatala cha ku boma, odzapala ng'ala mwaulere, ndipo akapita ndiye mpaka chaka chamawa.

"Bambo a Chance, tipite akakuoneni," anatero mayi Consolata.

"Akandione chiyani? Ndine kanema ine?"

"Diso lanulo lafa."

"Lafa? Maliro ake munalira liti? Tamverani mayi a Chance, kanema wangayu munthu wa diso limodzi sangamuone akutuluka. Amafuna maso awiri amoyo. Nanga amayamba kuzinda m'balani muja ndani?"

Loweruka lake mayi Consolata anayesa okha. Ali pakati poonera, anatseka galasi limodzi ndi chala, ndipo zoonadi, mikondo yonse inabwerera n'kukamatirira pakhoma, phwatalala. Ndiye kuti bambowa sananame. Nanga ankazinda bwanji?

Yankho linawapeza akupalira mtedza. Ha! Munthuyu mafilimu ake onse anawaloweza ngati katekisimu. Ndipo kale filimu yatsopano ikafika ankakana kuionera okha, amvekere chokoma n'kudzidzimukira limodzi. Masiku ano ankadzitsekera nayo m'balani katatu konse asanaitane anthu. Kunali kuphunzira pozinda kumeneko! Mayi Consolata anaponya khasu pansi n'kuseka okhaokha m'munda, kenaka mtima unawawawa, chifukwa munthu sachita khama lotero pobisa chinthu chaching'ono.

Mwamwayi, Lachisanu kunabwera munthu wochokera ku Joni ndi kaphukusi ka Chance, a Jeremiya ali ku msonkhano wa kalabu ya alimi. Munali sopo, mafuta odzola ndi disiki imodzi. Disikiyo mayi Consolata anaibisa m'thumba la nyemba, n'kuthamangira kwa anzawo a mvano, mayi Lefina ndi mayi Tabitha.

"Mawa mubwere nonse, muuze ndi anzathu ena. Ndikatsokomola kawiri, kuwani, zindani, gwani pansi."

"Ngakhale pasatuluke kanthu?" anafunsa mayi Tabitha.

"Makamaka pamene sipakutuluka kanthu."

"Yayi, ili ndi tchimo ili," anatero mayi Lefina, amene Chichewa chawo chinkapendekera ku Chitumbuka. Anaganiza pang'ono. "Ndibwera ndi mlamu wanga, amatha kukuwa."

Loweruka balani inadzaza ndi azimayi okhaokha khumi ndi awiri, aliyense timagalasi pamphuno, nkhope zaulemu ngati ali pa mgonero. A Jeremiya atatsegula sutikesi, akazi awo anatulutsa disiki ija pachitenje.

"Chance watumiza iyi. Ndinaiwala kukupatsani dzulo. Tionere imeneyi."

"Imeneyo ndiyambe ndaiyesa kaye, mwina ndi yokalika."

"Ayi abambo, yatsopanoyo!" anatero azimayi onse pamodzi. Munthu ungakane bwanji mvano wonse? A Jeremiya anaiika, n'kukhala pa benchi yakutsogolo, khosi lili gwa.

Filimuyo inali ya azungu a zipewa zazikulu. Poyamba panaulukadi zinthu, mpando, kenaka nkhwangwa, ndipo azimayi anakuwa zenizeni. A Jeremiya nawo anazinda, mochedwerako pang'ono, koma moti n'kuwakhululukira. Kenaka zinthu zinazizira. Pakhoma panaoneka mayi wina atakhala pakhonde, akusenda mbatata mwakachetechete, kambalame kakulira patali. Mayi Consolata anatsokomola kawiri.

Kunali chiphokoso! "Mayo ine!" "Adada we!" Mayi Tabitha anagwera chagada, miyendo m'mwamba. Mlamu wa mayi Lefina anakuwa mpaka nkhuku panja zinabalalika. Koma onsewo anachepa. A Jeremiya anadziponya pansi chafufumimba, n'kukwawira kuseri kwa diramu, uku akupiza manja m'makutu.

"Njuchi! Mwaiona njuchi imeneyo? Yandipyola apa, pakhutu penipeni! Chinjuchi chake, ngati chala changachi!"

Pakhoma mayi uja ankasendabe mbatata zake.

"Inali yamtundu wanji, abambo?" anafunsa mayi Lefina, akubisa kuseka.

"Yachikasu. Yamizeremizere."

Mayi Tabitha ndiwo anayamba kuphulika, ena onse n'kutsatira. Anaseka mpaka kugwirana mapewa, timagalasi tili pendapenda. A Jeremiya anadzuka pang'onopang'ono. Anayang'ana khoma, anayang'ana azimayi, kenaka anayang'ana akazi awo, amene okha sankaseka. Anazimitsa pulojekita.

"Kanema wathera pomwepa," anatero.

Azimayi anatuluka mmodzimmodzi, akusiya timagalasi pa benchi, ena akupepesa ndi m'manja, ena akulumabe milomo. Chitseko anachisiya chotsegula, kuwala kwa dzuwa n'kulowa mpaka pamapazi a a Jeremiya. Mayi Consolata anadzakhala pambali pawo n'kuyamba kuwasasa fumbi pamalaya.

"Mwandivula pagulu, mayi a Chance."

"Ndakuvulani, pepani. Pa awiri munkandikana."

"Mpaka kundiitanira mvano?"

"Ndikanaitana azibambo anzanu, bwenzi nkhaniyi itafika kale ku Chatoloma."

"Nanga azimayiwa ndiye aisunga?"

Mayi Consolata anangopitiriza kusasa fumbi lija. A Jeremiya anatembenuzatembenuza timagalasi m'manja.

"Linayamba chaka chatha, nthawi yokolola," anatero. "Tsiku lina ndinaika filimu ya mikondo ija, palibe chinatuluka. Ndinayesa pulojekita yafa, ndinaimasula yonse. Kenaka ndinatseka diso lakumanjali, n'kupeza kuti wafa ndine."

"Ndiye osanena?"

"Kunena n'kupita ku mpeni. Inu mukuti akapala lakufali. Nanga dzanja likakawaterereka, kapena akakati lamoyoli nalo layamba, tipale onse? Panopa ndikuona. Mwina mopanda kutuluka, komabe ndikuona." Anaika timagalasi pa benchi. "Mafilimuwa atha kupita, ndawaonera mokwanira. Chimene ndikuopa ine n'kubwerako Lachinayilo ndikukumvani mawu okha."

Mayi Consolata anali atakonzeka kukangana. Mayankho anali nawo mtolo, a munthu wamakani, a munthu wonyada, ngakhale a munthu wonama. La munthu wamantha analibe. Misozi inawalengeza, ndipo anakwiya nayo misoziyo.

"Inu, zaka makumi atatu ndi zinayi mukundiyang'ana, simunakhute?"

"Ayi."

Mayi Consolata anawagwira dzanja, lija linaphonya la abusa, n'kulifinya zolimba.

"Nanenso ndikuopa, bambo a Chance. Koma ndikuopa kwambiri kukusiyani chonchi, lamoyoli nalo n'kudzayera tili phee pakhomo. Tikafunsa zonse asanakugwireni. Lamoyolo akalisiye, ndikaima pomwepo ine. Akakandithamangitsa ndikaima pawindo."

A Jeremiya anapumira m'mwamba. Anavula chipewa, kuchiyang'ana, n'kuchivalanso.

"Galimoto yoyamba imadutsa nthawi yanji pamsewu?"

"Isanakwane sikisi."

"Mundidzutse," anatero. "Ndipo m'galimotomo mukakhale mbali ya kumanja kwanga kuno, ndizikakuonani njira yonse."