Pomaa Wamng'ono Anatsala M'mlengalenga

Ofosu ndinayamba kunyansidwa naye chifukwa cha zala zake. Lamlungu lililonse ankabwera kushopu kwanga ku Bantama atanyamula nthochi zokazinga za tsabola, n'kukhala pakompyuta yanga osasamba m'manja. Mabatani ankatsala ali noninoni, zinyenyeswazi zitalowa m'mipata. Ndinkangopirira chifukwa munthuyo ankafunsira mlongo wanga Pomaa, ndipo akwawo anali atapangana kale ndi bambo za tsiku lodzagogoda pakhomo, mwambo wathu wopempha ukwati.

Masewera athu apakompyutawo anali omanga maroketi. Umalumikiza matanki ndi injini, pamwamba n'kukwezapo satilaiti ndi bokosi la zida zoyezera kutentha ndi fumbi, kenako n'kuponya. Bokosilo likabwerera padziko, umalandira mapointsi otsegulira zida zatsopano. Lamulo lathu linali limodzi: chalakwika chalakwika, palibe kuyambiranso.

Woyendetsa chombo anali kachidole ka maso aakulu, komwetulira nthawi zonse. Ofosu ndiye anakapatsa dzina la Pomaa, pofuna kusangalatsa mwini dzinalo.

Lamlungu lina Pomaa weniweni anatibweretsera chakudya, n'kukhala pampando kumbuyo kwathu. Ulendo unali wokasiya satilaiti ku mwezi wina wofiira. Ofosu anaisiya bwino ndithu, zida zinayeza, bokosi linadzaza. Koma pofuna kudzionetsa, anazungulira mweziwo mosafunikira, injini ili chiyakire. Pobwerera, mzere wa mafuta unali utatsika.

"Alamu, mafuta achepa," ndinatero. "Imani kaye tiwerengere."

"Kuwerengera n'kwa ana asukulu. Chombo chalemera basi. Titaye kanthu."

"Tayani bokosilo. Tidzapitanso."

"Mapointsi onsewo? Mwadya chiyani lero, alamu?"

Ananyambita chala, n'kudina batani. Chitseko cha chombo chinatseguka, kachidole kaja kanatuluka, manja ali tambasu. Iye anayatsa injini n'kukasiya pomwepo. Kenako anaseka, nthochi zotafuna zikuonekera m'kamwa.

"Akazi amalemera, alamu. Nsima ya fufu yamuchulukira ameneyu."

Pomaa nayenso anaseka, kaseko kakafupi, maso ali pamiyendo pake.

"Ndiye mudzanditenga liti?" anafunsa.

"Ukusowa chiyani kumeneko? Taona, ukumwetulira. Ndikadzapeza mpata."

Chombo chinatera bwinobwino, mapointsi anabwera ochuluka, Ofosu anadziombera m'manja yekha. Ine ndinayang'ana thanki. Munali mutatsala mafuta. Atachoka ndinatenga cholembera n'kuwerengera, ndipo ndinapeza kuti mafutawo akanakwana kubweretsa bokosi ndi kachidole komwe, n'kutsalako. Sanakataye chifukwa chopanikizika ayi. Anangoona kuti kuganiza n'kotopetsa kuposa kutaya munthu.

Ndinamuuza Pomaa pomuperekeza kokwerera minibasi.

"Mafuta analipo, Pomaa."

"Achimwene, ndi masewera chabe."

"Dzina anasankha yekha. Chotaya anasankhanso yekha."

"Ndiye ndikauze anthu kuti ukwati watha chifukwa cha chidole?"

Mayi atamva anandiseka mpaka kupukuta misozi. Anati mwamuna wa ndevu wokwiyira chidole akufunika mkazi msanga. Mwina ndine wopenga ndithu, koma wamisala anaona nkhondo. Ofosuyu ndi amene ankati akangokwatira amutengera Pomaa ku Takoradi, asiye saluni yake ndi makasitomala ake onse, akakhale komwe sadziwa aliyense.

Loweruka akwawo kwa Ofosu anafika atavala nsalu zawo zapaphewa, n'kuika mabotolo a mowa patebulo. Bambo anaitana Pomaa, n'kumufunsa pamaso pa onse monga mwa mwambo.

"Mwanangu, anthuwa abwerera iwe. Tilandire zimenezi?"

Pomaa anandiyang'ana pang'ono. Ndinapukusa mutu, osasamala kuti wina andiona. Iye anabweza maso ake pansi, n'kumwetulira.

"Landirani, bambo."

Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Ofosu anabwera kudzandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, ali mafuta okhaokha a nkhuku.

"Alamu anga enieni tsopano. Mawa tiponya satilaiti ina, eti?"

Ndinachotsa dzanja langa m'manja mwake. Ndinapita kuseri n'kusamba m'manja ndi sopo wochapira, koma fungo silinachoke. Chakudya sindinachikhudze. Ndinatulukira kukhomo lakumbuyo n'kupita kushopu.

Ndinapukuta mabatani onse, limodzi limodzi, ndisanayatse kompyuta. Pomaa wamng'ono anali pomwe Ofosu anamusiya, akuzungulira mwezi wofiira yekhayekha, akumwetulira monga anachitira mwini dzina uja pamaso pa bambo. Ndinayamba kumanga roketi ina. Sindinaikemo satilaiti kapena chida choyezera chilichonse. Ndinaikamo matanki ambiri ndi mipando iwiri, umodzi n'kuusiya wopanda munthu.