Nyenyezi Imene Moto Wake Sunagwire

A Dominic, amalume ake a Emelia, anakweza jekete la malemu a Bauleni, bambo a mtsikanayo, nkufunsa woti alitenge. Emelia anali pamphasa pafupi ndi mayi ake, foni ili pamiyendo. Aphunzitsi ake a kuyunivesite anali atamuimbiranso: nthawi imene anampatsa pa telesikopu yoonera nyenyezi ya ku Joni inali kuyamba sabata yamawa.

"Foromani anabweranso," anatero a Dominic, akupinda jeketelo. "Nyumba ino ndi ya pulazi, ya eni munda wa fodya uno. Pakapanda wolowa m'malo mwa a Bauleni, mwezi ukatha mutuluke."

"Nanga Liberty?" anafunsa Emelia.

"Mlongo wakoyo ngakhale za maliro sakuzidziwa. Foni yake inafa kalekale."

"Amayi akhoza kupita kumudzi."

Mayi ake anaseka pang'ono. "Kumudzi kuti? Ine mchombo wanga uli pakomboni pano. Ku Dedza ndimangokumva."

A Dominic anapukusa mutu. "Zvakaoma, zinthu zavuta. Tatiuza, Emelia, chimene ukukaonacho nchiyani kwenikweni?"

Emelia anawafotokozera monga anafotokozera kale kwa bambo ake. Kuli nyenyezi ziwiri zozungulirana, kufupi ndi dzuwa lathu tikayerekeza ndi zinzake. Ina imawala. Inayo ndi yofiirira, yaikulu kuposa pulaneti, koma inaperewera kulemera, moto wake sunagwire. Iye anafuna kuyeza kulemerako poona mmene imagwedezera inzake.

"Ndiye ukapita chaka chamawa. Sizithawa."

"Malowo apatsa wina, amalume. Sasungira munthu."

"Nyumbanso sasungira munthu."

Dzuwa litapendeka, Emelia anapita kwa foromani kukapempha malo kushedi yosankhira fodya. Anamuuza kuti ayambe Lolemba, abwere ndi mpango wa kumutu. Pobwerera anazimitsa foni.

Anapeza mayi ake akusesa m'chipinda cha malemu, mmene zonse zinali zitagawidwa. Kuseri kwa chitseko, pamtanda wa denga, panalendewera kawaya kopingasa: mbali ina babu la thalakitala, mbali ina nati yadzimbiri. Emelia anali asanakaonepo.

"Ichi anasiya bwanji?"

"Ati nchinyalala," anayankha mayi ake. "Bambo ako anachipanga iwe utangobwerera kusukulu, utawafotokozera za nyenyezi zako zija. M'mawa uliwonse, asanavale mabuti..."

Sanamalize. Anatsamiritsa tsache pakhoma, natambasula dzanja, nakankha natiyo ndi chala chimodzi.

Babu ndi nati zinazungulirana pang'onopang'ono, amayi ndi mwana akuyang'ana, mpaka zinaima.