Mankhwala Anadya Anzake

Elenala anamenyetsa mkono wake patebulo la namwino, cholembera n'kugwa pansi.

"Gwirani apa, anesi. Timachubu tanu tolerera tija si iti? Munati zaka zisanu. Zangotha ziwiri, ine ndili ndi pakati!"

Mwamuna wake, Gerishomo, anali panja pabenchi. Sabata yonse ankamunena kuti anakachotsetsa timachubuto mobisa. Ana anali asanu kale, ndipo pobereka womaliza Elenala anataya magazi ambiri, madokotala n'kumuletsa kuberekanso.

Namwinoyo, Mayi Edina, anapapasa mkonowo. Timachubu tinalimo tonse tiwiri. Anatsegula buku lakuchipatala la Elenala, naima patsamba lina.

"Munamwapo mankhwala a chifuwa chachikulu?"

"Miyezi isanu ndi umodzi, osadumphitsa. Ndinkalandirira pawindo lanu lomweli."

Mayi Edina anausa moyo. "Timachubuti timatulutsa mankhwala m'magazi pang'onopang'ono, oletsa dzira kukhwima. A chifuwa aja amapha tizilombo m'mapapo, koma akafika pachiwindi amachifulumizitsa pa ntchito yake yosefa magazi. Ndiye chiwindicho chimaphwanya olerera aja asanagwire ntchito. Tinayenera kukupatsani njira ina."

"Kodi mumadziwa?"

"Zimadziwika, mayi. Amene anakupatsani a chifuwa sanafunse zolera."

"Sanafunse!" Elenala anaimirira. "Ine ndatchedwa wabodza m'nyumba mwanga momwe. Apongozi andinena mpaka kudambo, anthu akupalira mpunga. Dera lonse la kwa Mwambo lamva! Funso limodzi lokha linakukanikani? Ndikafa pobereka, ana anga mudzawauza zachiwindizo?"

Elenala anakankha chitseko.

"Abambo a Samsoni, lowani. Mudzimvere nokha."

Gerishomo analowa, chipewa chili m'manja. Mayi Edina anabwereza zonse, kenako analemba kalata yoti Elenala aziyezedwa ndi kukachirira kuchipatala chachikulu ku Zomba. Bamboyo anangoti maso pansi.

"Ndinalakwa, amake Samsoni."

"Mukawauze amayi anu, pomwe paja pali anthu."

Atatuluka, Gerishomo anavula jekete, naliyala pakaliyala wa njinga n'kumudikira. Elenala anangomudutsa, kalata ataifumbata, nalowa njira ya fumbi yotsikira kunyanja ya Chilwa wapansi. Mwamunayo anaima kanthawi, kenako anamutsata pambuyo, akukankha njinga yopanda wokwera.