Kulibe Phokoso

Amati safunsa anadya phula. Koma Rozina anafunsa, ndikukuuzani, anafunsa ndi pakamwa pake m'Chichewa chomveka bwino, phulalo n'kulidyabe.

Rozina ankagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Leicester, kudziko la azungu, pomwe mwamuna wake Absalom ankanyamula makatoni ku weyahausi, kosungira katundu. Ankakhala ku Braunstone, dera lina la mzindawo, m'nyumba ya lendi ya khoma lopyapyala moti neba akayetsemula iwe umamva. Mwana wawo anali mmodzi yekha, Pempho, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo anabadwa ndi vuto lomwe madokotala amalitcha otizimu. Sankalankhula kwenikweni. Phokoso ndiye linali mdani wake: neba akangokweza wailesi, kapena njinga yamoto ikadutsa pamsewu, mwanayo ankatseka makutu, n'kuyamba kumenyetsa mutu pakhoma. Rozina sankalota za chuma ayi. Ankangofuna malo a zii oti mwana wake apumeko, ndipo nthawi inali itamuthera, poti eni nyumba anali atanena kale kuti chaka chamawa agulitsa.

Bungwe lothandiza anthu kupeza nyumba zotsika mtengo linawapatsa njira ziwiri. Yoyamba inali kanyumba kakale ku Wigston, kumapeto kwa msewu, moyang'anizana ndi manda. Yachiwiri inali nyumba yatsopano ya bwalo lakelake, m'kamudzi kena kunja kwa tauni. Kungoti nyumbazo zinali zisanamangidwe, zinkadikira chilolezo cha khonsolo. Ukatenga ya ku Wigston, inayo uyiiwale.

Tsiku lopuma la Rozina linali Lachiwiri, ndiye Lachiwiri lina anakwera basi kukaona malowo. Anapeza munda wa msipu, nkhosa zikudya mwakachetechete, uko mzere wa mitengo. Anali atamva kuti kuseri kwa mitengoyo kuli bwalo la mipikisano ya magalimoto ndi njinga zamoto, koma atatchera khutu anangomva mbalame basi. Mtima wake unagwa pomwepo.

Analowa m'sitolo ya m'mudzimo kukagula madzi, uku akuuza Absalom pafoni zomwe waona. Atadula foni, mkulu wachimwenye yemwe anali pakauntala anamwetulira.

"Muli bwanji, mayi? Kwanu n'kuti?"

Rozina anatsala pang'ono kugwetsa botolo. Mkuluyo anali bambo Mehboob, wobadwira ku Limbe, ndipo Chichewa chawo chinali cha kale chija, chaulemu. Anacheza za ku Ndirande, za mango a maboloma, mpaka Rozina anafika pa funso lomwe linamubweretsa.

"Bambo Mehboob, inu ndinu akwathu, mundiuze zoona. Kuno kulibe phokoso?"

"Phokoso? Iyayi, mayi! Ndakalambira pano ine. Kuno kulibe phokoso, anthu ake ndi aulemu."

Basi, kwa Rozina nkhani inathera pomwepo. Absalom anayesa kumubweza. "Amake Pempho, ya ku Wigston tayiona ndi maso, inayo ili papepala. Tadekhani."

"Mwana wanga azikula akuyang'ana ziliza pawindo? Inu bambo ake, mwaiwala kwathu?"

"Komatu a kumanda sakweza wailesi."

Rozina sanaseke. Munthu wakwathu anali atamutsimikizira m'chilankhulo chake, nanga panatsalanso chiyani?

Tsiku loti khonsolo igamule litayandikira, a kampani yomanga anamupempha kuti akalankhuleko monga mayi wofuna nyumba. Anapita atavala yunifomu yake ya kuntchito. M'holomo munadzaza anthu a m'mudzi uja, azungu okhaokha, ndipo aliyense woimirira ankangonena za phokoso. Ati obwerawo sadzapirira kulira kwa bwalo la mipikisano lija, ati pamenepo si malo omangapo nyumba.

Rozina anapsa mtima. Mawu amenewo ankawadziwa bwino. Ku Braunstone anthu anawanenezapo kuti amapemphera mokweza, amaseka mokweza, ngakhale moni amapereka mokweza. "Bwalo n'chonamizira chabe," anatero mumtima. "Phokoso akunenalo ndife."

Nthawi yake itakwana anaimirira. Anawauza za Pempho, za chipsera cha pachipumi pake. Anati malowo anapitako yekha, anamva mbalame zokha, ndipo iye amene amasambitsa makolo awo tsiku ndi tsiku sakupempha zambiri. Makhansala anavota, chilolezo chinadutsa movutikira, ndipo ena ananena poyera kuti mawu a mayi uja ndiwo awagwira mtima.

Potuluka, gogo wina wachizungu wa m'mudzimo anamugwira dzanja. "Mwana wanga, ubwere Lamulungu," anatero m'Chingerezi. "Ungobwera Lamulungu basi."

"Zikomo, ndili ndi tchalitchi changa," Rozina anayankha, n'kuchotsa dzanjalo. Abale inu! Gogoyo anangomuyang'ana ndi maso achisoni. M'mawa mwake Rozina anaimbira foni a bungwe aja kuti ya ku Wigston aipereke kwa ena.

Lamulungu iwo sankayenda, poti mapemphero ankatha dzuwa litapendeka, kenako macheza. Koma patapita masabata angapo Rozina anati atuluke msanga, akapempherere malo awo atsopano monga amachitira munthu asanayike maziko. Absalom anayendetsa galimoto. M'mphepete mwa msewu wa kumudziko munali magalimoto ambiri, ndipo Rozina anati mwina kuli ukwati.

Anafika pageti la munda uja kuli bata. Pempho anaona nkhosa n'kumwetulira, kumwetulira kosowa kuja, ndipo mayi ake misozi inalengeza. Anagwirana manja atatuwo. Absalom anangoti, "Atate wathu wakumwamba," kuseri kwa mitengo kunaphulika.

Si kulira kumeneko! Njinga zamoto zambirimbiri zinanyamukira pamodzi, mkokomo wake wolowa m'mano, wogwedeza nthiti. Unkachepa pang'ono zikapita kutsidya, n'kubweranso ndi ukali woposa. Nkhosa sizinadzutse n'komwe mitu. Pempho anakuwa, koma mayi ake sanamve kukuwako, anangoona kukamwa kuli yasa. Asanamugwire, mwanayo anali atamenyetsa kale chipumi pa mzati wa geti, kawiri, pa chipsera chomwe chija.

Absalom anamunyamula, onse n'kuthamangira kusitolo. Bambo Mehboob anatuluka kukauntala ndi kathawulo koyera, n'kuthandiza kutsinira pabalapo. Mabotolo pashelefu ankachita kugundana okha.

"Munati kulibe phokoso!" Rozina anakuwa, ulemu wonse utathawa. "Ndinakufunsani ine! Munati kulibe phokoso!"

Mkuluyo anadabwa zenizeni. "Mayi, phokoso liti? Kuno palibe anamenyanapo. Palibe wotukwana mnzake, apolisi sabwera. Ine ndimayesa mukufunsa za anthu, ngati angakuvutitseni poti ndinu akuda. Ife titafika kuno, phokoso lomwe tinkaliopa linali limenelo."

"Nanga ichi n'chiyani?"

"Iyi ndi mipikisano. Loweruka, Lamulungu, pena Lachitatu amayeserera. Munthu umazolowera, ine sindi..." Anayang'ana mwanayo, yemwe ankanjenjemera m'manja mwa bambo ake zikhatho zili kumakutu, magazi akutsikira pamphuno. "Pepani, mayi. Simunandiuze za mwana."

Zinali zoona, sanawauze. Za Pempho anauza holo yodzaza ndi alendo, koma kwa munthu wakwawo anachita manyazi, monga ankachitira kutchalitchi, komwe ankangoti mwanayu ndi wamanyazi. Rozina anakumbukira gogo uja ndi Lamulungu lake, ndipo chisoni chinamugwira mpaka kukhala pansi pa kreti ya zakumwa. Analira ngati mwana, osabisa.

M'galimoto anakhala kumbuyo atakumbatira Pempho. Mkokomo unawatsatira mpaka kumsewu waukulu. Absalom sananene kuti ndinakuuzani, ndipo kusanenako kunamuwawa Rozina kuposa kutukwanidwa.

"Mawa ndiwaimbira a bungwe," anatero Rozina. "Ndikawagwadira. Manda ndi manda, tidzayika makatani."

Absalom anayankha maso ali pamsewu. "Musavutike, amake Pempho. Lachisanu ndinadutsako ku Wigston. Makatani anapachikidwa kale, pakhomo pali njinga ya mwana."

Apo Pempho anachotsa dzanja limodzi kukhutu, n'kukoka bulauzi ya mayi ake. Mwana woti sabata imatha osatulutsa liwu anawayang'ana m'maso n'kunena m'Chingerezi chake, "Home."

"Tikupita, mwanangu," Rozina anayankha.

"Home," mwanayo ananenanso.

Galimoto inakhotera ku Braunstone, komwe chikwangwani cha ogulitsa nyumba chinali chitazikidwa kale pageti pawo.